Flexon Wasiya Khoma ku Machinjiri

Ndirande, Blantyre
9 Novembala 1996

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko. Ife kuno tilipo, kungoti mawondowa. Akundilembera ndi a Hamisi atelala, ndipo andichenjeza kale kuti ndisachulutse nkhani ngati kumaliro.

Mwana wanu Flexon wasiya khoma la eni ake ku Machinjiri litafika m'mawindo, mvula ili pafupi. Wakwera m'phiri kukasala kudya, akuti simenti ikumutchingira Mulungu. Lero ndi tsiku lakhumi. Mkazi wake Cindy ndi woyembekezera, amangoyang'ana kuphiriko.

Lachiwiri ndinakwerako. Ndinamusimbira za a Mendel, Myuda womanga nyumba uja ndinkawaponyera njerwa pantchito kalekale. M'mawa ankaima pamwamba pa khoma pomwepo, n'kuphimba maso ndi dzanja, kunong'ona pang'ono, basi n'kutolanso njerwa. Ndinawafunsa kuti, "Bwana, Mulungu wanuyo osamutsikirako pansi?" Anaseka. "Aphunzitsi athu amati wantchito apemphere ali pakhoma pomwepo. Mulungu akudziwa kuti matope akuuma." Loweruka lokha ndiye sankagwira ngakhale msomali.

Flexon anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Amalume, mwatha? Tsikani, kukuzizira kuno." Chonsecho dzuwa likuotcha mwala. Achemwali, mawu amenewo, ngakhale kapendekedwe ka mutu, ndi mmene anandiyankhira bambo ake pamwala womwewo chaka chija anakwerako kukasala kudya. Inu mukudziwa mmene tinawatsitsira, atatisiya kale.

Bwerani, musadikire Khirisimasi. Ine sakundimva, mwina inu amene munamubereka.

Ndine mlongo wanu,
Chipulikano