Texas Si Kuchoka ku Thambani Kupita pa Boma

Amarillo, Texas

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Thambani? Mwendo uja unaleka kutupa? Nanga Sarah wanga akupita kusukulu? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ayi.

Mukukumbukira kuti amuna anga a Vincent atandiitana kuno, anati ndiyambe ndakhala ndi banja lina la kutchalitchi kuno ku Amarillo, iwo akugwira ntchito ku Houston. Ankati konseko ndi Texas yemweyo, ngati kuchoka kwathu kupita pa Boma. Ndinakhulupirira. Akapanda kubwera ndinkangoti ntchito yawachulukira.

Mwezi watha ndinakwera basi yopita ku Houston osawauza, nditavala chitenje munandipatsa chija. Amayi, Texas si boma ngati la Mwanza. Malawi yense angalowemo kasanu malo n'kutsalabe, ndipo anthu ake ndi ambiri kuposa a dziko lathu lonse. Tinadutsa malo osalala opanda ndi phiri lomwe, ng'ombe zosawerengeka, minda ya thonje, makina opopa mafuta pansi. Mtunda wake ndi woposa wopita ku Karonga. Ndili m'basimo ndinayamba kuona kuti munthu saika mkazi wake kutali chonchi mwangozi.

Pakhomo ananditsegulira mayi wina wa konkuno, atanyamula khanda. Anandilandira ndi nsangala, n'kundifunsa ngati ndine mlongo wa amuna ake amene amamukambakamba uja. Mlongo, Amayi! A Vincent atatulukira anangozyolika. Kenaka anandikokera panja n'kunena kuti ndisachite phokoso, ukwati umenewu ndi wongopezera mapepala okhalira kuno. Koma khandalo nkhope yake ndi ya Sarah yeniyeni.

Kuno kulibe ankhoswe oti n'kuwathamangira. Texas ili ndi bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo ku Austin, ndipo yagawidwa m'maboma ang'onoang'ono oposa mazana awiri, lililonse ndi ofesi yake. Ndinakafunsa ku ofesi ya dera la Houston. Anandiuza kuti ukwati wawo unalembedwa kumeneko ine ndisanakwere n'komwe ndege. Wathu uja, umene munauphera mbuzi zanu, sakuudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. A Vincent akuti akufuna Sarah abwere kuno adzaphunzire, ndipo apongozi a kwa Kanduku abwera kudzamutenga. Chonde musamupereke. Muwauze amalume a Mateyu kuti apongoziwo akabwera, iwo akhale pomwepo. Munthu amene wanditcha mlongo, mwana wanga adzamutcha ndani?

Ndikukonzekera kubwerera mvula isanagwe. Munda wanga wa kutsidya musaubwereketse chaka chino, ndidzalima ndekha.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa achimwene a Masauko ndi alamu, ndi kwa azakhali. Sarah musamuuze chilichonse. Ndidzamuuza ndine, atakhala pamiyendo panga.

Ndine mwana wanu,
Enelesi