A Sajeni Andichotsera Dzimbiri

Lamulungu, 4 Ogasiti

Apongozi afika ndi basi ya masana. Ndi bambo a mkazi wanga, koma aliyense, ndi ana awo omwe, amangoti a Sajeni, chikhalirecho usilikaliwo anapuma ine ndisanamere ndevu. Diso lakumanja layera ndi ng'ala. Opareshoni ndi Lachiwiri la sabata yamawa, ndipo aidikira kuyambira chaka chatha. Madokotala a maso ndi obwera, ukawaphonya udikirenso chaka china. Afika msanga kuti achipatala ayambe aona kuthamanga kwa magazi.

Tawapatsa chipinda cha alendo, chimene mkazi wanga amachitcha kumanda kwa zitsulo. M'menemo ndi momwe ndimasunga zotsalira za nkhondo: makoko a zipolopolo, mabatani, mipeni ya pamfuti, botolo la madzi lobooledwa ndi chipolopolo, ndi mfumu ya zonsezo, chipewa chachitsulo chimene ndinafukula ndekha m'mphepete mwa munda wa munthu, momwe kale munali ngalande za asilikali. Chinapindikira m'kati pamwamba pa khutu. Dothi lakomweko likadali m'mphepete mwake. Sichinakhudzepo madzi.

Ndimati msilikali asangalala. Anatsata mashelefu pang'onopang'ono, manja kumbuyo ngati akuyendera perete, kenako: "Akamwini, katunduyu mumamusunga chonchi?"

Ndikanawauza kuti kwa ife otolera dzimbirilo ndiye chuma, kuti chinthu ukachipukuta chimasanduka chitsulo wamba. Koma msilikali ungamuuze bwanji kuti umanyadira dzimbiri? Ndinangoseka. "Nthawi imasowa, bambo." Anagwedeza mutu.

Lolemba, 5 Ogasiti

Kusitolo tsiku lonse, misomali ndi utoto. Mkazi wanga kumakina ake kumsika. A Sajeni atsala okha pakhomo. Madzulo ndawamva akufunsa mwana wawo kumene timasunga waya wotsukira mapoto, ine n'kumati madalawa koma ndi aukhondo.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Fungo la palafini m'kolido. Chitseko chawo amatseka. Adya bwino, akuimbira m'mphuno. Ndinawafunsa za nkhondo, akuti yaikulu imene anamenya ndi ya nsikidzi m'mabulangete, poti zaka zawo zambiri anathera ku sitolo ya asilikali. Tinaseka tonse.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndilembe mmene zachitikira, osakometsa.

Poweruka ndinatengana ndi Wamaginito, mnzanga wa gulu lathu la otolera, uja amakoka maginito m'minda ya eni ngati akulima. Ndinati adzapereke moni kwa a Sajeni. Zoona zake, ndimafuna aonenso chipewa chija amve kuwawa, monga amachitira nthawi zonse.

Tinagogoda. Anatsegula nkhope ili mwee, malaya atapinda mpaka m'zigongono. "Lowani, akamwini, muone."

Zonse mbee! Makoko a zipolopolo ali pamzere kuyambira wamfupi mpaka wamtali, akuwala ngati zitsulo za bandi. Mipeni yakwechedwa, yanoledwa, yapakidwa mafuta. Botolo lija anapita nalo kwa wowotcherera wa pakona, bowo latsekedwa, ndipo anathiramo madzi kuti ndione kuti silikudontha. Chipewa anachiwongola ndi nyundo yanga yomwe, n'kuchipaka utoto wobiriwira umene unatsala popenta geti. Dothi lija analitaya pamaluwa.

Wamaginito anati, "Mayo!" kenako anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Mwina kuseka kwakeko ndi kumene kunandiyatsa. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mwachita chiyani, madala inu? Anakutumani ndani? M'nyumba mwa eni mumangogwiragwira zinthu ngati mwana?" Mokweza. Chala ndili nacho kumaso kwawo.

Mkazi wanga anali pakhomo ndi thireyi ya tiyi.

A Sajeni anagundanitsa zidendene, manja m'mbali mwa buluku, chibwano m'mwamba. "Pepani, bwana. Ndinati ndisamangodya."

Zala zawo zinali zong'ambikang'ambika ndi waya uja. Ndinaziona nditamaliza kale kulankhula.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Achoka m'mawa ife tikusamba. Bedi layalidwa mopanda ndi khwinya limodzi lomwe. Apita kwa mlamu, mchimwene wa mkazi wanga, amene amachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa galaja.

Mkazi wanga sanalalate, bola akanalalata. Akupesa tsitsi, osandiyang'ana: "Bambo anga anakalipiridwapo ndi anthu a nyenyezi paphewa. Wogulitsa misomali anali asanawakalipirepo."

Atatuluka ndinalowa m'chipinda muja kukaona ngati pali chimene chinapulumuka. Kabokosi ka mabatani anali asanakafike. Ndinasangalala. Ndine munthu wotere.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Wamaginito wabwera kusitolo ngati wodzagula loko. Gulu lonse lamva kale, akuti tsopano ndine Jenerale, poti ndinaimitsa sajeni pa perete. Kenako motsitsa mawu: chipewa chija upale utotowo, uthire viniga ndi mchere, uchikwirire kuseri kwa nyumba mpaka mvula ithe, dzimbiri libwerera. "Adziwe ndani?" Za mkuluyo sanafunse n'komwe. Inenso sindinamuuze.

Viniga ndagula. Mkazi wanga wamupeza m'chikwama. "Ameneyu ngwa chiyani?" Ndati wa saladi. M'nyumba muno saladi tinadya pa ukwati basi. Wamuika pakati pa tebulo, ndipo tadya chakudya chonse akutiyang'ana.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndinapita kwa mlamu ndi shuga ndi buledi. Kachipinda kodzaza utsi wa makala, matayala akale pakhomo. A Sajeni ali pa ndowa yovundikira. Atandiona anaimirira n'kundipatsa ndowayo. "Khalani, bwana." Ndinakana, iwonso anakana, tinalankhula chiimirire.

Mawu ndinawakonza m'minibasi, atatu okha: ndinalakwa, bambo, pepani. Koma ndinaona kuti ndiyambe ndawafotokozera chifukwa chake ndinapsa mtima, kuti amvetse. Ndiye ndinayamba: kuti dzimbiri ndi umboni, kuti kupindika kuja kumasonyeza mmene chinamenyedwera, kuti chipewa chotere ena amachifuna moyo wawo wonse osachipeza. Ndinalankhula bwino kwambiri. Pamene ndimazindikira, ndinali ndikuwawerengera zimene anawononga, chimodzichimodzi, buledi ali kukhwapa.

Anamvetsera mpaka kumapeto. "Ndamva, bwana. Ndiye kuti ndinawononga zambiri kuposa mmene ndimaganizira."

Mlamu anandiperekeza mpaka kumsewu. "Alamu, munabwera kudzapepesa kapena kudzatenga chindapusa?"

Lamulungu, 11 Ogasiti

Mlamu waimba foni. A Sajeni akuti mawa akwera basi kubwerera kwawo, diso limodzi likuwakwanira. Mkazi wanga walira m'bafa, mpope atautsegula kuti ndisamve.

Lolemba, 12 Ogasiti

Kuntchito ndanama kuti m'mimba.

Ndinawapeza kudepoti, pa benchi, jekete atamanga mabatani onse, chikwama pamaondo, basi ikudikira kudzaza. Ndinaima patsogolo pawo. Ndinadziwa kuti ndikalankhula choimirira ndiyambanso kuphunzitsa, ndiye ndinagwada, pasimenti pomwepo, pa makoko a nthochi ndi mafuta a injini.

Oitanira basi anasiya ntchito. "Madala, mkuluyu wakuberani chiyani?" Wina: "Musamukhululukire msanga, tione kaye!" Mayi wogulitsa malalanje anasuntha dengu kuti aone bwino.

Ndinati, "Bambo, ndinakukalipirani ngati mwana, pamaso pa mlendo ndi pamaso pa mwana wanu. Munandifunsa, ine n'kukunamizani kuti nthawi imasowa. Ndinalakwa ndine." Pakamwa pamafuna kupitiriza, ndinapatseka.

"Imirirani, bwana, mukuwononga buluku."

"Sindiimirira."

"Ndiye mukhala pomwepo, ine ndikukwera."

Koma sanadzuke. Basi inadzaza, kondakitala anamenya chitseko, anawaitana kawiri, inapita. Maondo anali atachita dzanzi. Pamapeto pake a Sajeni anati, osayang'ana ine koma kumene yalowera basi: "Kuchipatalako ndipita chifukwa cha mwana wanga. Musaganize zina." Chikwama anakana kuti ndiwanyamulire. Abwerera kwa mlamu.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Mlamu ali pa ulendo ndi lole, mkazi wanga ali ndi madiresi a ukwati wa eni ofunika mawa. Wowaperekeza ndinatsala ine. Pa benchi ya chipatala tinasiya malo a munthu mmodzi pakati pathu, mpaka anadzakhalapo agogo ena amene anatifunsa ngati tabwera limodzi. A Sajeni anati, "Akundithandiza."

Atuluka masana, diso litamatidwa thonje ndi kachivindikiro. Namwino anayang'ana ine: pasakhale utsi, pasakhale fumbi, asanyamule cholemera, ndipo asawerame, ngakhale kutola sipuni. "Mwamva, mwana wawo?" Palibe anamukonza.

Utsi wa kwa mlamu unatiweruzira mlandu. Abwera kwathu. Pa masitepe a chipatala anagwira phewa langa, titangotsika anachotsa dzanja. Ndimafuna kuchotsa zitsulo zija m'chipinda, mkazi wanga akuti zisiyeni, zoyerazo zilibe fumbi.

Madzulo: "Zikomo, bwana," polandira madzi omwera mankhwala.

Lachitatu, 14 Ogasiti

M'mawa tinayenera kubwerera kuchipatala kuti akamatule diso. Ndinawapeza pakhonde atavala kale, nsapato zili kumapazi, burashi m'manja, akufunafuna njira yofikira pansi osawerama. Nsapato za fumbi sangapite nazo kwa dokotala. Anayesa kukweza mwendo pa mpando, bondo linakana.

Ndinatenga burashi m'manja mwawo. Sanaikanize, sanandipatsenso. Ndinakhala pansi, phazi lawo pa ntchafu yanga, n'kuyamba. Polishi ndinapaka wambiri, ngati munthu wopenta geti. Anapirira nsapato imodzi yonse.

"Mwatha?"

"Ndatha, bambo."

Anatembenuza mutu kuti ayang'ane ndi diso lakumanzere. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kuchidendene simunafikeko. Ndipo polishi sachita kumata, mumangokhudza pang'ono, kenako kansalu konyowa, mozungulira. Munakula bwanji inu?"

Mkazi wanga kukhitchini anasiya kugobeza mbale.

Ndinati tichedwa, mzere wa kuchipatala umatalika.

"Utalike. Bwerezani, akamwini."

Ndabwereza kawiri. Tapezadi mzere wafika kugeti.