Kasupe wa kumunsi kwa khola

Lolemba, 8 Januwale 1979
Mvula tsiku lachinayi. Elena wanga wadwala kamwazi, ndi mwana wachisanu m'mudzi muno. A Bonifasio azaumoyo abwera panjinga kuchokera ku Lobi, matope mpaka m'mawondo. Atunga madzi a pakasupe m'kabotolo.

Lachisanu, 12 Januwale
Abweranso. Ati m'madzimo muli tizilombo, komanso mazira a njoka zam'mimba. Gwero lake chimbudzi ndi khola zili kumtunda kwa kasupe, mvula ikukokolola zonse. Eni ake? Apongozi anga, a Zefaniya! Ine andiika mukomiti ya madzi poti ndimatha kulemba, ndiye wokawauza ndine. Zaka zisanu ndi chimodzi pabanja pano sindinawalankhulepo mawu opitirira moni.

Loweruka
Ndapempha amuna anga, a Vinsenti, kuti akanene okha kwa bambo awo. Mwadzidzidzi kachewere wawo wafunika kukagulitsidwa ku Linthipe lero lomwe. Amuna!

Lamulungu
Madzi tikuwiritsa. Apongozi ati akununkha utsi. Elena wamwa phala pang'ono, wasanza. Maso alowa. Ku Misa sindinamve kanthu.

Lachiwiri, 16 Januwale
Ndanena. Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, iwo ali mbali inayo akusema mpini. Ndinauza nkhokweyo zonse, ndi zoti tikachedwa nkhani ipita kwa a chipani. Anayankha nkhokwe yomweyo: “Kasupeyo ndamwa chibadwire, ndafa kangati?” Ndikunyamuka ndinamva, “Mwanayo wagona bwanji?”

Lachitatu, 24 Januwale
Elena akuthamangitsa nkhuku. Mankhwala agwira, Ambuye alemekezeke. Chimbudzi chakale apongozi akwirira, chatsopano chili kumunsi, mapazi makumi asanu, anawerenga okha. Khola akana, ati bambo awo anagona pambali pake. M'malo mwake akumba ngalande yopatutsa madzi a kukhola, kasupe amutchinga ndi minga. A Vinsenti abwera ntchito itatha, ndi buledi.

Lachisanu, 2 Febuluwale
Tsopano tawaputa. Apongozi aika mpando pakhomo pa mpanda, chibonga pamwendo. Mbuzi sizifika, ochapa matewera athawira kudambo. Ndowa iliyonse akuisuzumira mkati. M'mawa abweza amayi atatu, ife a komiti tikuseka.

Masana abweza ine. Ati yanga ili ndi ndere pansi.