Mpando Wakutsogolo

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko, inu, alamu anga ndi ana. Chifuwa chija munkadandaula chinatha, kapena mukungolimba nacho monga mwa chizolowezi chanu? Kuno tilipo. Amayi ali bwino, kungoti bondo limawavuta kukazizira. Za abambo ndifotokoza bwinobwino, chifukwa ndi zomwe zandigwiritsa cholembera.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani pomwe foni ilipo. Pa foni inu mumayankha munthu asanamalize kunena, ndiye ndati ndilembe. Muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa kubwere pambuyo.

Galimoto ndagula. Koma si ija munanditumizira chithunzi chake.

Mukukumbukira chomwe tinkaifunira. Sitiroko itawagwira abambo, adokotala anati azipita kumafizo katatu pa mlungu, apo ayi dzanja lamanja ndi mwendo uja ziumiratu. Anapita milungu iwiri yokha. Tsiku lina anthu awiri anachita kuwanyamula powakweza basi, wina kumiyendo wina m'khwapa, basi yonse ikuonerera. Atafika kunyumba anakhala pampando wawo wa pakhonde, ndipo nkhani ya chipatala anaitsekera pomwepo. Miyezi iwiri inadutsa zala zawo zikupindikira mkati ife tikuona.

Inu munati ikhale saluni ya otomatiki, yosamwa mafuta, yofewa pokhala, komanso yoti anthu akaiona asatiseke. Achimwene, maso anu anali a m'sitolo koma thumba lathu linali la kaunjika. Komabe ndinati ndiyese.

Ine za injini ndimadziwapo chiyani? Ndine telala, ndiye ndinayamba ndi zomwe ndimadziwa. Masana ena abambo akuwodzera, ndinawayeza ndi tepi kuyambira m'chiuno mpaka chidendene, popeza bondo la mwendo wawo wodwalawo silipinda bwino. Kenako ndinakoleka tepi m'khosi n'kuyamba kuzungulira m'mipanda ya ogulitsa magalimoto. Ndikafika ndinkatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyeza polowera, kutalika kwa mpando, ndi malo oika miyendo. Wogulitsa wina anandifunsa ngati ndikufuna kuisokera diresi.

Ndinaona zodabwitsa zambiri. Injini amaitsuka mpaka kuwala ngati mbale ya alendo, ndipo ndinkadzifunsa kuti chinthu chogwira ntchito ndi mafuta chikuwaliranji chonchi. M'kati amapoperamo zonunkhira zoyetsemulitsa. Ndipo galimoto iliyonse akuti mwini wake wasamutsidwa ntchito, n'chifukwa chake akuigulitsa mwachangu. Ndinafika podabwa kuti m'tauni muno mwatsala ndani.

Patatha milungu itatu ndinaipeza: yotuwa monyezimira, ya otomatiki, chitseko chakumbuyo chotseguka kwambiri kuposa zonse zomwe ndinayeza. Inkafanana ndithu ndi ya pachithunzi chanu. Wogulitsa anavomera kubwera nayo kunyumba kuti abambo aiyese ndisanapereke kanthu. Amayi anawaveka jekete, ine ndinaika pilo kumbuyo n'kutsegula chitseko, mtima uli m'mwamba.

Abambo anatsika pakhonde ndi ndodo yawo pang'onopang'ono. Anayang'ana chitsekocho, anayang'ana pilo, anandiyang'ana ine. Kenako anatembenuka n'kubwerera pampando wawo. Wogulitsa anadikira kanthawi, n'kuliza galimoto yake kumapita.

Ndinakwiya, sindikubisirani. Koma chomwe chinandivuta kwambiri chinali kufuna kudziwa kuti ndalakwitsa pati, chifukwa muyezo wanga unali wolondola. Mawa lake ndikuwawenga zikhadabo za dzanja lodwalalo ndinawafunsa. Mukudziwa momwe mawu awo amatulukira masiku ano, limodzi limodzi. Anati kwa zaka makumi atatu ndi zinayi za udalaivala, chitseko chimenecho ankachitsegulira anthu ena. Anati kumbuyo kumakhala mabwana ndi odwala, ndipo iwo ubwana sanaulawepo. Anathera pomwepo.

Manyazi anandigwira, achimwene. Inu ndi ine tinaphunzira sukulu ndi chiwongolero cha munthu ameneyu. Ndinayenda milungu itatu kufunsa anthu achilendo za magalimoto, katswiri ndikumusiya pakhonde. Ndinamuyeza mwendo ali m'tulo, koma kumufunsa osamufunsa.

Ndiye ndinawauza kuti ogulitsa aja akundipusitsa, ndipo ndikufuna wondithandiza. Anangoti tikafike m'mawa kwambiri, asanalize injini iliyonse, ndipo nditenge kansalu koyera.

Aneba athu a takisi anatiperekeza, abambo atakhala kutsogolo. Titafika kumpanda kwa wogulitsa uja abambo anayamba ndi yotuwa ija. Anaika dzanja lamanzere paboneti n'kupeza pakutentha, chonsecho geti anali atangotsegula kumene. Anati galimoto yomwe mwini wake waidzutsiratu alendo asanafike ili ndi chomwe ikubisa. Anandiuza kuti ndigwire kansalu kaja kukamwa kwa paipi yotulutsa utsi, wogulitsa aponde mafuta. Kansalu kanada n'kuchita mafuta. Yotuwa ija inathera pomwepo, ndi chitseko chake chachikulucho.

Ine ndinangosanduka manja awo. Werama apa, kweza apo, nunkhiza ichi. Anandionetsa labala ya popondera buleki kuti ikaperepeseka pomwe mita ikuti galimoto yayenda pang'ono, ndiye kuti wina akunama, ndipo si labalayo. Anandikwezetsa kapeti ya m'buti kuti tione dzimbiri. Anandiuza kuti nditsamire pakona ya galimoto ndi thupi lonse n'kuisiya. Ikangodzuka n'kuima ndiye kuti ili bwino, koma ikapitiriza kunjanja idzawapweteka msana. Matayala akatha mbali imodzi, anati mwina inagundidwapo n'kupindika. Ndinkafunsa kuti chifukwa chiyani pa chilichonse, iwo osatopa kuyankha. M'mawa umenewo analankhula mawu ambiri kuposa a miyezi iwiri yonse ija. Wogulitsa anayamba n'kuwatchula kuti agogo, koma pofika galimoto yachinayi anali atangopinda manja kumamvetsera.

Kumapeto kwa mpanda, pafupi ndi mulu wa matayala akutha, kunali ina yomwe ine ndinali nditaidutsa kawiri osaiyeza n'komwe. Mtundu wake ndi wa tiyi wochuluka mkaka, padenga utoto unasuluka ndi dzuwa, chitseko china chili ndi chibonyo, wailesi ndi yakufa. Boneti inali yozizira, pamwamba pali masamba. Wogulitsa atapotokola kiyi inalira nthawi yomweyo. Abambo anatsinzina n'kumvetsera kwa nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti chizungulire chawagwira.

Ndinatulutsa tepi kuti ndiyeze mpando wakutsogolo, koma anati ndiibweze m'thumba. Anandiuza kuti ndikankhire mpando kumbuyo mpaka pothera, anakhala chammbali, anakweza mwendo uja ndi dzanja lamanzere n'kuulowetsa okha. Palibe anawagwira. Atakhazikika anati ndi imeneyi. Anati zitsulo zake zimapezeka paliponse, makaniko aliyense amaidziwa, ndipo mafuta imangonyambita.

Nditasuzumira m'kati ndinaona zopondera zitatu. Ndinawauza kuti iyi ndi ya magiya apamanja, achimwene anati ya otomatiki, komanso ine chitengereni laisensi zaka zisanu ndi zitatu zapitazo sindinagwirepo magiya. Anayankha kuti achimwene akowo sindiwo azikwera. Ndikungobwereza momwe ananenera, musandikwiyire ine. Ndinaipititsabe kwa makaniko kuti akaione pansi, ndipo anangosintha za mabuleki basi.

Tsopano nachi chomwe ndimaopa kukuuzani pa foni.

Tsiku loyamba kupita kumafizo galimoto inandizimira katatu tisanatuluke n'komwe mumsewu wathu. Magiya ankakukuta mano, thukuta lili kamukamu, ana a sukulu akuseka. Ndikulimbana ndi chosinthira magiya, ndinamva chinthu chozizira chikugwera padzanja langa. Linali dzanja lawo lamanja, lodwala lija. Analinyamula ndi lamanzere n'kuliika pamenepo, popeza akakhala pampando wawo magiya amakhala mbali imeneyo. Anati iwe uziponda, ine ndizisintha.

Ndinachotsa dzanja langa pansi n'kuliika pamwamba pa lawo. Akamva injini amati ponda, ine n'kuponda kilatchi, manja athu awiri n'kukankha. Kunena zoona, masiku oyamba wokankha ndinali ine ndekha, dzanja lawo linkangotsatira. Sindinawauze, iwonso sanandifunse. Tinafika kuchipatala galimoto osazimanso, ndipo analowa kumafizo popanda wowanyengerera.

Papita milungu itatu tsopano, ndipo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Lachisanu lapitali tili mumsewu wathu wopanda magalimoto uja, ntchentche inanditera pamphuno ndipo ndinachotsa dzanja kuti ndiiingitse. Nthawi yomweyo anati ponda. Mwendo wanga unaponda wokha mwachizolowezi, ndipo ndinamva giya yachitatu ikulowa, dzanja langa lili m'mwamba. Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana pawindo n'kunena kuti ndimachedwa kusiya kilatchi. Nditawasiya m'manja mwa amayi a mafizo, ndinabwerera m'galimoto n'kulira ngati mwana.

Mpaka lero ndimadzifunsa: kodi anaisankha chifukwa cha kulira kwa injini, kapena anaona zopondera zitatu zija ine ndisanazione? Ndinawafunsa kamodzi, anangoti ndiyang'ane kutsogolo. Amayi a mafizo aja ndinawaululira zonse. Anaseka, anati m'mabuku awo mulibe zimenezo, koma zala zayamba kugwira ndipo tisasiye, bola tizisamala. Musade nkhawa, kumsewu waukulu dzanja langa silichoka pamwamba pa lawo.

Ndiye pempho langa nali. Ndikudziwa kuti munavutikira ndalama zimenezi ndipo munkafuna chinthu chooneka. Chomwe ndagula sichooneka, ndipo mawu anu ndinawaphwanya ndikudziwa. Mundikhululukire. Koma chonde musadzanene zoigulitsa kuti tipeze ya otomatiki, ngakhale mocheza. Ya otomatiki ilibe ntchito yoti abambo azigwira.

Pempho lachiwiri n'laling'ono. Mukaimba Lamlungu, musayambe ndi kuwafunsa kuti thupi lili bwanji, chifukwa funso limenelo atopa nalo. Afunseni kuti galimoto ikuyenda bwanji, ndipo mukhale ndi nthawi yokwanira, chifukwa mawu awo amachedwa koma nkhani ali nayo yambiri. Dzulo anandifunsa kawiri ngati ndakuuzani kuti ayambanso kuyendetsa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu yawo ija ndinaisoka, ikungodikira wobwera nayo. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Amayi akuti muzivala zofunda. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mphamvu pantchito yanu.

Ine mlongo wanu,
uja mumati Kasingano