Akamwini anakoka chimbudzi pamaso pa apongozi

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi pa buleki kuntchito, mutu utaima, chifukwa zomwe zatigwera sindingazitchule ngakhale pa gulu la pafoni la amayi a kutchalitchi. Ndikangotero, dzuwa lisanalowe Birmingham yense akhala atamva.

Ine ndi amuna anga, a Rex, tinabwera kuno zaka zitatu zapitazo ndipo tonse timagwira ntchito yosamalira okalamba. Tili ndi ana awiri, Joanna wa zaka zisanu ndi zinayi ndi mlongo wake wamng'ono Elijah. Mu Juni mayi anga ondibala anabwera kuchokera ku Dowa kudzacheza nafe miyezi inayi. Mayi angawo mwambo anaugwiritsa. Chikwatiwire ine, iwo ndi a Rex sanadyerepo pamodzi kapena kugwirana chanza. Moni amapatsana wina ali kukhichini wina pakhomo, maso kumbali. Mufulati mwathu zinkayenda bwinobwino chifukwa cha mashifiti: a Rex akamalowa, amayi amakhala atalowa kale kuchipinda kwawo.

Mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, a Rex anati, "Amayi asabwerere kumudzi atangoona dera lathu lino la Bordesley Green ndi mabasi okha. Ndabuka motahomu, tikagone ku paki masiku atatu." Motahomu ndi galimoto yaikulu yokhala ndi mabedi, khichini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Paki yake ndi ya akatungwe ndi masitima othamanga m'mwamba aja, ndipo pambali pake pali kampu yoimikapo magalimoto oterewa. Zithunzi anandionetsa pafoni. Nditaona kuti m'katimo mulibe zipinda, muli makatani okhaokha, mtima unandiuza kuti pali vuto. Koma ana anali atayamba kale kulumphalumpha, bambo awo akumwetulira ngati apambana mpikisano. Ndinangoti zikaoneka komweko.

Titafika, a Rex anaimika galimoto pakapinga pakati pa magalimoto ena n'kulumikiza magetsi. Amayi anatsika, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, kenako anandinong'oneza, "Make Joanna, nanga nyumba yofikira ili kuti?" Ndinati, "Ndi yomweyi, amayi." Anaiyang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Nanga akamwini agona kuti?" Ndinaloza bedi la pamwamba pa mpando wa dalaivala. Lawo linali kumbuyo, poti munthu akatsokomola uku, uko amva. Anatulutsa zitenje ziwiri m'chikwama n'kuzipachika pamwamba pa katani, ndipo anagona osavula ngakhale juzi.

Ine ndinkati chachikulu chadutsa. Ayi ndithu. M'mawa mwake kagetsi kofiira kanayaka m'chimbudzi, kusonyeza kuti chadzaza. Aphungu, ndikulumbira kuti izi sindinkazidziwa: chimbudzi cha m'magalimoto amenewa chilibe paipi yopita pansi. Zonse zimagwera m'chigubu, ndipo chikadzaza mwini galimoto amachisolola panja pa kachitseko ka m'mbali n'kukataya yekha. Chigubucho chili ndi timateyala ndi chogwirira ngati sutukesi.

Amayi anali panja pampando akumwa tiyi, akuothera dzuwa, nkhope itayamba kumasuka. A Rex anatsegula kachitseko kaja, kusolola chigubu, n'kuyamba kuchikoka pakati pa kampu chikungoti khuchukhuchu, uku akupatsana moni ndi mzungu wa galimoto yoyandikana nafe amenenso ankakoka chake. Amayi anafunsa Joanna, "Kodi abambo ako akukoka chiyani?" Mwanayu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo kunong'ona sadziwa. "That's the toilet, Gogo! Everybody's poo is in there. Yours as well!" Amayi Chingerezi sachidziwa, koma chala cha mwanayo chinachoka pa chigubu, kupita pa galimoto, n'kuthera pa iwo. Anatembenukira kwa ine. "Ndi zimene ndikuganizazi?" Ndinasowa bodza.

Kapu anaiika pansi pang'onopang'ono, n'kufunda chitenje kumutu. Sindinawaonepo mayi anga atatero, ngakhale pamaliro a bambo anga. Anangoti, "Wandivula, mwana iwe. Wandivula pamaso pa mwana wa eni."

Kuyambira pamenepo sanalawe kanthu. Ndinawauza kuti pakampupo pali zimbudzi zina zomanga ndi njerwa, koma anati sangadutse pamaso pa anthu onse amene aona zimenezi. Ine ndinkayesa mkwiyo chabe, osazindikira kuti akukana madzi dala kuti asafunenso kupita kuseri. Tsiku lachitatu kunatentha zedi. Tinawakakamiza kulowa nafe mu paki, ndipo tili pamzere wokwera timabwato ta ana, anangogwa ngati thumba. Ine ndinauma, kukuwa kokha. Amene anagwada pomwepo, kuwamasula mpango, kuwagwira pakhosi kumvetsera mtima n'kuwatsamiritsa mutu ndi a Rex, poti ndiyo ntchito yawo. Amayi potsegula maso anapeza mutu wawo uli m'manja mwa mkamwini. Anatsinzinanso, misozi ili chuchuchu. A chithandizo choyamba a papakipo anati madzi awathera m'thupi.

Tsopano patha sabata tili kunyumba. Chikwama analongedza kale, akuti ndisinthe tikiti anyamuke sabata yamawa, chonsecho kwatsala miyezi iwiri. Madzi akumwa theka la kapu, ndipo mpaka a Rex atatuluka, poti chimbudzi chathu chayandikana ndi chipinda chathu. Milomo yawauma. A Rex nawonso zawapweteka. Akuti, "Ine shifiti iliyonse ndimachenja matewera a makolo a eni ake, ndimawasambitsa, ndiye ndinyansidwe ndi mayi amene anandiberekera mkazi? Ndisiye ndikawagwadire, ndiwafotokozere." Ine ndili pakati, ndasowa mtengo wogwira. Ndikuopa kuti akapita chonchi sadzapondanso pakhomo panga. Kodi ndiwalole a Rex akalankhule nawo? Kapena ndingosintha tikitiyo?

E.K., Bordesley Green, Birmingham

Mayi E.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kukamwa kuli yasa. Pa sutukesi ija ndinaseka, ndivomere, koma pofika pa madzi kuseka kunandithera. Tiyambire pomwepo, chifukwa manyazi anapha Lambe, ndipo mayi anu ali pa njira yomweyo. Inu mumasamalira okalamba, mukudziwa kuposa ine zimene milomo youma imatanthauza kwa munthu amene anakomoka kale. Pitani nawo kwa dokotala lero, osati Lolemba. Kenako apempheni a Rex akagone kwa mnzawo masiku angapo. Muwauze kuti simukuwathamangitsa, mukungofuna kuti apongozi awo amwe madzi ndi kuyenda m'nyumba momasuka.

Tsopano mundikhululukire, ndinena mosapsatira. Wolakwa pa nkhaniyi ndinu. Za chigubu simunkadziwa, ndakumvani, koma makatani munawaona pafoni, mtima unakuuzani, inu n'kukhala chete kuti musakhumudwitse munthu. Amuna anu anafuna kulemekeza apongozi monga amachitira anthu akuno. Amene ankadziwa bwino mbali zonse ziwiri munali inu nokha. Sindikunena izi kuti mudzizunze, madzi akatayika saoleka. Ndikunena chifukwa mlanduwu ukakhala pamutu panu upepuka. Mwana amakhululukidwa msanga kuposa mkamwini. Lowani kuchipinda kwawo, khalani pansi, muwauze kuti munadziwa kuti galimotoyo ilibe zipinda ndipo munabisa. Akalipe, alire, inu osayankha.

A Rex asapite kukafotokoza. Mtima wawo ndi wabwino, ndipo muwauze zimenezi ndi pakamwa panu, chifukwa amuna ogwada pansi pa anthu kupulumutsa apongozi sapezeka paliponse. Koma iwo akuyankha funso limene silinafunsidwe. Mayi anu sakulira kuti mkamwini ananyansidwa nawo. Akulira kuti anaona ndi kugwira zosayenera iye kuziona. Kupita kukawauza maso ndi maso kuti "palibe vuto, ndinazolowera" n'kuwavulanso kachiwiri, n'kuwaika pamzere umodzi ndi odwala a kuntchito.

Kwathu nkhani zotere zimayenda ndi munthu wapakati. Pezani mayi wachikulire wa msinkhu wawo, wosunga pakamwa, wodziwa mwambo. Alipo kuno, kaya kutchalitchi kwanu kaya pakati pa anthu akwathu a kudera la Foleshill, ingosankhani mosamala, osati aja oyamba kulemba pa gulu. A Rex agule nsalu yatsopano, yabwino, apereke kwa mayiyo iwo ali kutali. Mayiyo akaipereke ndi mawu ochepa: "Akamwini akuti sanaone kanthu, sanagwire kanthu. Akuti mufunde." Aliyense adzadziwa kuti anaona, koma umo ndi mmene munthu wamkulu amabwezeredwa ulemu wake. Akalandira nsaluyo nkhani yatha, ndipo m'nyumbamo wina asadzaitchulenso, ngakhale mwa nthabwala pa Khirisimasi.

Joanna musamukalipire. Anafunsidwa, anayankha zoona. Mukhale naye pansi mumuuze kuti pali zinthu zimene sitinena za agogo mokweza, ndipo mumupatse ntchito yowapititsira tiyi m'mawa. Kapu yochokera m'manja mwa mdzukulu ndi yovuta kuikana. Holide ikubwerayi, ngati muli ndi makolo, funsani kaye za zitseko ndi chimbudzi musanafunse za akatungwe.

Za tikiti, musawanamize kuti ndege zadzaza ndipo musabise pasipoti. Apempheni masabata awiri okha. Nsalu ikalandiridwa n'kunenabe kuti akufuna kwawo, aperekezeni ndi mtima umodzi, a Rex anyamule zikwama mpaka pagalimoto n'kutsanzika ali chapatali monga kale.

Koma chenjerani ndi ichi: musawakweze ndege nkhaniyi isanakonzedwe, poganiza kuti mtunda uiziziritsa. Mayi anu akukula, ndipo tsiku lina adzadwala ku Dowa. Mukadzaimba foni adzati ali bwino, podziwa kuti akanena zoona thandizo lidzachokera m'nyumba ya mkamwini yemwe uja. Mayi amene analolera kukomoka pagulu m'malo mopempha madzi sadzakuuzani kuti zavuta. Mudzamvera kwa anthu, mochedwa.

Aphungu