Gulu la Lachitatu

Lachitatu, 5 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Basi ya ku Finglas yachedwanso, masokosi onyowa tsiku lonse. Mwezi wachisanu ndi chimodzi muno mu Dublin. Thesis ikadali pa chaputala 2.

Dzina la katswiri wa maganizo amene thesis ikukamba sindilemba m'buku muno. Ndimalilemba tsiku lonse pa laputopu, ndatopa nalo. Muno ndizingoti Adokotala, monga amanenera a gulu la Lachitatu. Anamwalira ine ndisanabadwe, koma m'gulumo amawakamba ngati angotuluka panja kukasuta fodya.

Lero kachitatu kupitako. Chipinda cha pamwamba pa shopu ya nsapato, m'tauni. Anthu 14, mipando yozungulira, chithunzi cha Adokotala pakhoma. Otsogolera ndi a McDonald, madala a ndevu zoyera. Akuti ali achinyamata anakamverapo Adokotala akuphunzitsa kawiri. Kawiri basi. Ulemu wake mpaka lero.

Ndime imodzi, maola awiri. Chiphunzitso chenichenicho n'chakuti munthu sadziwa chimene mtima wake ukufuna, chimangotulukira m'maloto ndi m'mawu amene waphonya. Zimenezo sinditsutsa. Zaka 9 ndili nesi ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndinaziona ndi maso. Koma kanenedwe kake, mayo. Ndinati ndime iyi yandipita. A McDonald anamwetulira, amvekere: "Kusokonezeka ndiye khomo lolowera." Onse analemba m'makope.

Ndimapitako chifukwa a Ursula, supervisor wanga, ali m'gululi zaka 20. Anati si zokakamiza. Ananena katatu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Laibulale tsiku lonse. Ndapeza zimene ndimafuna, koma kukondwa ayi.

Mfundo yotchuka ya Adokotala, yakuti munthu amalakalaka chimene mnzake akulakalaka, si yawo. Ali achinyamata ankakhala nawo m'kalasi ya mphunzitsi wina wa filosofi. Zimene ophunzira anzawo ankalemba m'kalasimo zilipo, mawu ake omwewo. Zakuti maganizo obisika amayenda ngati chiyankhulo anatenga kwa akatswiri a ziyankhulo. Kamvetseredwe ka odwala anaphunzira kwa dokotala wina wokalamba pa chipatala chimene anayambira ntchito.

Si kuba. Palibe amene anadzibala yekha. Koma Lachitatu amakamba ngati zonsezi zinangowagwera m'mutu tsiku lina akumwa khofi.

Maness, amene ndimakhala naye nyumba, wabwera kuchokera ku care home, kumene amasamalira okalamba, miyendo itatupa. Akuti msuweni wake ku Mulhuddart sakugona, tsiku lina ndikamuone. "Si iwe ukuphunzira za mitu ya anthu?" Ndavomera kuti andisiye ndigone.

Lolemba, 17 Febuluwale

A Ursula awerenga chaputala 2. Sanapezemo cholakwika ngakhale chimodzi, ndinawafunsa. Anangovula magalasi: "Funso si lakuti Adokotala anazitenga kuti. Funso ndi lakuti iweyo ukufuniranji kuti achepe." Kenako kundifunsa za bambo anga.

Bambo anga. Kalaliki wopuma ntchito ku Machinga, amaweta nkhunda. Alakwa chiyani?

Ndi mmene zimakhalira. Ukavomereza, Adokotala alondola. Ukatsutsa, kutsutsako ndi matenda ako, ndiye Adokotala alondolanso. Potulukira palibe.

Popanda siginecha ya a Ursula thesis siipita kulikonse. Sikolashipu ikutha mu Ogasiti. Ku Zomba anandipatsa chaka chimodzi chokha, ndipo mwana ndinamusiya ali ndi zaka zinayi. Ndibwerere chimanjamanja?

Lamlungu, 23 Febuluwale

Ku Mulhuddart ndi Maness, mabasi awiri. Msuweni wakeyo ndi a Overstone. Anali mphunzitsi ku Mangochi, pano amanyamula makatoni ku warehouse. Chaka chachinayi akudikira yankho la mapepala a asylum, opempha kukhala kuno ngati wothawa kwawo. Mayi awo anamwalira mu Novembala. Maliro anaonera pa foni.

Maness anapita kukagula mkaka dala. Atatuluka, a Overstone anayamba okha. Loto limodzi lomwelo, sabata iliyonse: mayi awo aima pakhomo, akupempha kiyi. Iwo akufuna kuyankha koma mkamwa mukutuluka Chingerezi chokhachokha, mayi sakumva, akungopemphabe. Akadzidzimuka, tulo tathera pomwepo.

Sindinamasulire kalikonse. Ndinafunsa ngati akudya, ngati anaganizapo zodzipweteka. Tagwirizana kuti apite kwa GP, dokotala wa m'dera lawo, sabata ino, Maness awaperekeza. Zimene ndikanachita ku Zomba.

Potsanzikana anati: "Izi sindinauzepo munthu, asisi. Ngakhale Maness."

Lachitatu, 26 Febuluwale

Ndanena.

Nkhani ya chaputala 2 inali itamveka kale. Mipando ya mbali zanga zonse ziwiri yopanda anthu. Moni wa pamphuno. Ola lathunthu ngati kulibe ine. Kenako a McDonald anafunsa ngati wina ali ndi chitsanzo cha loto limene chiyankhulo chimamukana mwini wake. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula. Dzina sindinatchule. Koma mayi, khomo, kiyi, Chingerezi, zonse.

Chipinda chinadzuka. A McDonald kuomba m'manja kamodzi: "Mwaona? Adokotala ananena kale!" Mphindi 40 kukangana za kiyi. Wina akuti ndi dzina la bambo, wina akuti ndi chimene mayi akusowa. Palibe anafunsa ngati munthuyo akudya.

Pa tiyi, a Carol, mayi amene amasunga makiyi a chipindacho, anandikumbatira. Akuti tsopano ndafika.

Ndilembe zoona, buku ndi langa: ndinakondwa. M'basi monse ndinakondwa.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Imelo ya a Ursula, yansangala. Ndichotse chaputala 2. M'malo mwake ndilembe za loto la "Bambo O." ndipo mu Epulo ndikaliwerenge pa msonkhano waukulu wa gulu. Za chilolezo cha mwini wake akuti tiona njira.

Mutu ukupweteka. Hita ya kuchipinda yafanso.

Lachiwiri, 11 Malichi

Sindinalembe muno masiku onsewa. Ndimalemba za lotolo. Masamba 6, osavuta n'komwe. Ukangodziwa mawu awo amadzilumikiza okha, ngati nyimbo ya kwaya. A Ursula akuti ndi zabwino kuposa zonse zimene ndinalembapo.

Maness akuti a Overstone anapita kwa GP, ayamba kugona maola anayi. Akuti amandifunsa, amanditchula kuti anesi athu. Wabwera ndi chipisi cha pa kona kuti tisangalale. Ndadya ziwiri, ndati ndakhuta.

Lamlungu, 16 Malichi

Mawa tchuthi cha dziko lino, tauni yonse zobiriwira, ana zipewa zazitali. Ine ku Mulhuddart ndekha.

Ndawauza a Overstone. Kuti ndinanena loto lawo pa anthu 14, kuti ndalilemba, kuti akufuna ndikaliwerenge pa gulu lalikulu. Funso loyamba: "Anaseka?" Ndinati ayi. Lachiwiri: "Ndiye azunguwo akuti ndikudwala chiyani?"

Ndinayesa kuziika m'Chichewa. Dzina la bambo, kusowa kwa mayi, chilakolako cha wina. Mkamwa mwanga momwe zimamveka zopusa. Ndinasiyira panjira.

Anadzuka, anakoka sutikesi pansi pa bedi, anatsegula kathumba ka m'mbali. Kiyi. Weniweni, wa loko, pa kachingwe kofiira. Anawamangira mayi awo nyumba ya njerwa ku Mangochi, inatsala pang'ono kutha. Tsiku lonyamuka, m'chipwirikiti, kiyi anabwera naye kuno. Mayi anakana kuti aphwanye loko, ankati mwini wake adzatsegula yekha. Anamwalirira m'nyumba yakale ya udzu.

Ine sindinafunse n'komwe tsiku lija kuti kiyi wake uti. Zaka 9 za unesi.

Sanakalipe. Anandiperekeza mpaka pa siteji. Basi ikubwera anati: "Kwa GP ndizipitabe. Koma inu musabwerenso, asisi."

Lachinayi, 20 Malichi

Masamba 6 aja ndafufuta Lolemba, ndi mu bini ya laputopu momwe. Chaputala 2 ndatumizanso mmene chinalili.

Lero ku ofesi ya a Ursula. Ndinakonzeka kufunsidwanso za bambo anga. M'malo mwake anatseka chitseko, anakhala pansi ngati munthu amene wayenda mtunda. Akuti zonse zimene ndapeza amazidziwa. Mphunzitsi wa filosofi, a ziyankhulo, dokotala wokalamba, zonse. Anazilembapo okha ali msinkhu wanga. A McDonald anakhala chaka osawayankhula. Iwo anachotsa chaputalacho, n'kubwerera m'gulu.

Ndinafunsa chifukwa chake. Anayang'ana pawindo. "Anzanga onse ali mmenemo. Mwamuna wanga ndinakumana naye mmenemo."

Asaina. Koma Lachitatu ndisapitenso, akuti zingawavute iwowo.

Ndapambana, kapena. Maness wamva za ku Mulhuddart. Akuphika yekha, akudyera kuchipinda.

Lachitatu, 26 Malichi

Lero kunalibe kopita. Ndinati ndichape, ndiimbire mwana, ndiyambe chaputala 3.

5 koloko ndinapezeka ndavala jasi. Basi mpaka m'tauni. Ndaima kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi shopu ya nsapato. Pamwamba getsi likuyaka. Akulowa mmodzimmodzi, aliyense buku lake m'khwapa.

Ndikudziwa kumene mfundo iliyonse inachokera, tsamba ndi chaka chomwe. Ndikudziwa zimene anachita ndi loto la munthu, ndi zimene ndinachita ine.

A Carol anatulukira pa kona, ambulera m'manja. Anandiona, sindikukayika. Ndinakweza dzanja. Linali likadali m'mwamba pamene chitseko chimatsekeka.

Akanangoti tiye, ndikanakwera.