Zilembo Zonenepa

Lolemba, 10 Juni

A Alfonsi, apampando a mphakati wathu, abwera m'mawa. Akuti Lamulungu likudzali kuwerenga koyamba kutchalitchi ndi kwanga. "Amai Magalita, sukulu ya akuluakulu ija munapitira kulemba dzina pa thumba la feteleza basi?" Ndavomera. Chibadwire sindinaimepo kutsogolo.

Atachoka ndatsegula buku la mawuwo. Zilembo ngati nyerere zili pa ulendo. Maso anayamba kuvuta chaka chatha, sindinauze munthu. Akadziwa, mawu apita kwa Rabecca, uja amawerenga ngati wailesi. Zangazi ndimalemba zikuluzikulu, pang'ono pokha tsamba latha.

Lachiwiri, 11 Juni

Akamwini anga a Lyford, amuna a mwana wanga Fainess, aphunzitsi, akulimbana ndi laputopu yawo yakale, kompyuta yonyamula m'manja ija. Inkachedwa. Ndiye afafaniza zonse za m'kati, aikamo zina zaulere zotchedwa Linakisi. Akuti zimenezi anthu amapanga mothandizana, ngati dima.

Yayaka, koma zonse zatupa. Ndimamva ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikuswa nshawa.

"Ndine ameneyu? Nkhope ngati dzungu!" watero Fainess ataona chithunzi chake.

"Si iwe, ndi sikirini. Ikusowa dalaiva," atero amuna ake.

Fainess wabwera nayo pakhonde panga kuti ndiseke nawo. Akuti dalaiva ndi kapulogalamu kouza makina kukula kwa galasi lake. Popanda iko amangoganizira. Kenaka watsegula mawu a Lamulungu aja, amene a Alfonsi anatumiza pa foni. Sindinaseke. Chilembo chilichonse chonenepa ngati nyemba yonyika. Ndawerenga mzere wonse mumtima osaima.

Lachitatu, 12 Juni

Fainess wapita ku maliro ku Chipangali, abwera sabata ya mawa. Ndinamuuza kuti ndikufuna kumaonera zithunzi. Wandisonyeza podina, wauzanso amuna ake kuti popita kusukulu azisiya makinawo pampando wa pakhonde panga.

Ndikukopera mawu kuseri kwa kalendala yakale, kuti ndikaime nayo kutsogolo. Dzanja limachedwa. Batire yatha dzuwa lili pamutu, ine ndisanafike pakati.

Lachinayi, 13 Juni

Ndakoperako pang'ono. Batire yomweyo.

Masana akamwini abwera ndi anzawo a Enoch. Ndawamva: "Apongozi akuonera zinthu zopindika pa makina anga. Manyazi awa ayi." Akwera pachulu, pamene netiweki imagwira, kukokera dalaiva uja. Atsika, aika, azimitsa, ayatsa.

Mdima. Kamzere koyera kokha pakona, kakuphethira.

A Enoch: "Aphunzitsi, mwaipha."

"Siinafe. Ikuganiza bwinobwino, poonetsera ndi pamene palibe."

"Ndi mmene amanenera achibale a wodwala."

Adina mabatani angapo pamodzi, patuluka timalemba toyera pa chakuda. Alembapo, awerenga, apukusa mutu. Akuti dalaivayo ndi wa makina a masiku ano, awa ndi okalamba.

Ndinafuna kunena kuti ibwerere mmene inalili. Koma ndinene kwa yani? Chikwatiwire Fainess, ine ndi akamwini sitinayang'anane m'maso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Mawu athu amadzera mwa Fainess. Fainess ali ku Chipangali.

Lachisanu, 14 Juni

Pampando palibe kanthu. Akamwini apita nayo laputopu ku Chipata. Ndaswa nshawa.

Loweruka, 15 Juni

M'mawa ndamva kufuula kunyumba kwawo: "Yatheka!" Anauza a Enoch pa foni kuti anachotsa dalaiva wolakwika uja, mnzawo wa m'tauni anawapezera wakale woyenera. Abwera, aika makina pampando, atsokomola, achoka. Mayendedwe a munthu wokondwa.

Ndadina. Nkhope ya Fainess yabwerera, yowonda ngati mwini wake. Ndatsegula mawu. Nyerere. Zochepa kuposa za m'buku. Ndayandikira mpaka mphuno kugunda galasi, ndatong'ola maso, misozi basi. Kalendala ili pamwendo, theka lolembedwa, theka loyera. Mawa ndi Lamulungu.

Ndinaganiza kuti ndimange chitenje ndipite kwa a Alfonsi, apatse Rabecca nthawi ikadalipo. Palibe amene angafe nazo.

Sindinadziwe kuti akamwini anali pansi pa mango akupopa njinga, akuona zonse. Anabwera pang'onopang'ono, naima pa mzati wa khonde atandifulatira. Pansi pamenepo thadzi langa lofiira linali kutola makoko a nshawa. Analankhula nalo.

"Nkhuku iwe, tawafunsa agogo. Makinawa ndawakonza kapena ndawaononga?"

Ndinayang'ana thadzi. Ndinati, "Uwauze kuti akonza bwino kwambiri. Koma aja odwala aja ndiwo ankamvana ndi maso ena."

Akamwini analankhulanso ndi thadzi.

"Uwafunsenso, kalendalayo ndi ya mawa?"

"Ndi ya mawa. Asauze a Alfonsi."

"Nkhuku siipita ku mphakati."

Anatambasula dzanja cham'mbuyo, natenga makina, nakhala pa chitsa akuyang'ana kumunda. Ine ndinaganiza kuti aononganso zimene avutikira sabata yonse. Ayi. Anauza thadzi kuti tsopano popeza makina adziwa galasi lake, munthu angathe kuwalamula kukulitsa zilembo zokha, nkhope osatupa. Sizinatenge nthawi. Anabweza pampando pamodzi ndi chingwe chochokera ku batire ya sola, kuti makina asazime.

Zilembo ngati njere za chimanga, zoongoka bwino.

"Nkhuku, zakwana?"

"Awonjezere pang'ono."

Anagwada pambali pa mpando, nkhope kumbali, nadina kawiri. Nyemba zonyika zija zinabwerera.

"Nanga apa?"

Ndinayang'ana pansi kuti ndiyankhe. Thadzi linali litapita kale kudzala.

"Apo pomwe, bambo," ndinati. "Zikomo."

Anadzuka. "Zikomo amai," anatero, napita ku njinga yawo.

Ndasongola pensulo. Ndatsala ndi mizere ya kumapeto.